Ndalama za ulova za ku Joni sizitsata munthu kumudzi

Pa malire a Milange ndi Muloza sipatha sabata osaona mnyamata kapena bambo akutsika minibasi ndi zikwama zikuluzikulu, akuchokera ku Joni. Ena amabwera kudzacheza, koma ena amabwera chifukwa ntchito yatha. Akafika kumudzi, malonje atatha, amauza abale kuti ndalama zawo zina zatsala konko ndipo zifika posachedwa.

Apo mayi wa pakhomo amayamba kuwerengera malata ndi fizi ya ana. Mwezi umatha, nandolo amakhwima nakololedwa, mvula imagwa, ndalama zija osaoneka. Kenaka pakhomo pamalowa mkangano. Mkazi amaganiza kuti alipo wina ku Joni amene akuzidya, apongozi amati mkamwini ndi wabodza, ndipo mwini wakeyo amangoti kukamwa pululu poti nayenso sakudziwa pamene zatsakamira.

Ndalama zimenezi kawirikawiri zimakhala za thumba lotchedwa Unemployment Insurance Fund, limene aliyense ku Joni amangoliti UIF. Si mphatso ya boma ayi, ndiponso si chifundo cha bwana. Malamulo a dziko la South Africa a 2001 ndi 2002 amati munthu wolembedwa ntchito maola 24 kapena kuposerapo pa mwezi azidulidwa randi imodzi pa marandi 100 aliwonse a malipiro ake, ndipo bwana aziwonjezerapo randi inanso imodzi. Wolandira R5,000 amadulidwa R50, bwana naikapo R50, yonse R100 n'kupita ku thumbalo mwezi ndi mwezi. Ndi nkhokwe imene munthu amathiramo nthawi ya masika kuti adzatapemo nthawi ya njala.

Nkhokwe yotereyi kuno kulibe, n'chifukwa chake ambiri saimvetsa. Ku Mozambique bungwe la INSS limatenga 3 pa 100 kwa wantchito ndi 4 pa 100 kwa bwana, koma ndalamazo ndi za ukalamba, matenda, uchembere, kulumala ndi imfa. Munthu akachotsedwa ntchito INSS simulipira za ulova. Ku Malawi nako wochotsedwa ntchito amayang'ana ndalama yomutsanzika yochokera kwa bwana ndi penshoni yake basi. Tsono munthu wa kuno akamva kuti ku Joni boma limalipira lova, amayesa kuti ndalamayo imabwera yokha ngati mvula.

Kale lamulo linkasiya kunja anthu obwera pa kontirakiti yoti ikatha abwerere kwawo, monga ambiri a m'migodi. Lamulolo litasinthidwa mu 2016, nawonso analowamo. Antchito a m'nyumba ndi osamalira maluwa analowa mu 2003. Mlendo wogwira ntchito ndi mapepala oyenera ali ndi gawo lake mofanana ndi mwini dziko. Masiku anayi ogwira ntchito amabala tsiku limodzi lolandira, ndipo amene wadulidwa zaka zinayi zathunthu angathe kulandira mpaka masiku 365. Salandira malipiro onse ayi. Amalandira pakati pa 38 ndi 60 pa 100, wa malipiro ochepa ndiye amapatsidwa gawo lalikulu, ndipo akadutsa masiku 238 zimatsika kufika pa 20 pa 100.

Komatu si aliyense wopanda ntchito amene amalandira. Amalandira amene wachotsedwa, amene kontirakiti yake yatha, kapena amene kampani yake yagwa. Wosiya yekha ntchito kapena wothawa salandira kanthu. Ndipo khomo lokapempha limatsekedwa pakatha miyezi 12 chithere ntchito.

Nanga ndalama za munthu woyenera kulandira zimatsakamira pati?

Malo oyamba ndi pa fomu yotchedwa UI-19. Fomu imeneyi amalemba ndi bwana, ndipo imanena tsiku loyamba ntchito, tsiku lomaliza, malipiro, ndi nambala yosonyeza chifukwa chimene ntchito yathera. Mabwana ena pofuna kuzemba mlandu amalemba kuti wantchito wasiya yekha pamene amuchotsa. Munthu wa ku Milange amene sukulu yake anaiphunzira m'Chipwitikizi amalandira pepala la Chingerezi, nathokoza, nalipinda, osadziwa kuti nambala imodzi yamutsekera khomo. Safunsa anadya phula. Asanachoke pa geti apeze wodziwa kuwerenga amuuze chimene chalembedwa. Ngati ndi bodza, kuli bungwe loweruza milandu ya pa ntchito la CCMA, koma dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kumeneko pasanathe masiku 30.

Alipo mabwana enanso amene amadula ndalama pa malipiro koma osazipereka ku thumba, mwinanso osamulembetsa n'komwe wantchitoyo. Zoterezi zimadziwika mochedwa, munthu ali kale pa mzere ku Leba. Wochenjera amapita ku Leba ntchito ikadalipo kukafunsa ngati dzina lake likuoneka, ndipo timapepala ta malipiro ta mwezi uliwonse amatisunga, poti ndito mboni yake.

Malo achiwiri ndi pa dzina, ndipo apa ndi pamene anthu a kumalire amapunthwa kuposa anzawo. Mu 1986 nkhondo itafika pa boma la Milange, anthu anawoloka mtsinje kuthawira ku Muloza, Mulanje ndi Phalombe. Ana ambiri anabadwira komweko, nabatizidwa komweko, nayamba sukulu komweko. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 mabanja anabwerera, ndipo anawo anadzalembetsedwanso kuno. Mwana mmodzi yemweyo pa kalata ya ubatizo ndi Kamwendo, pa chitupa cha B.I. ndi Camuendo. Chaka chobadwa nacho uku chinalembedwa china, uko china, poti makolo ankangokumbukira kuti anabadwa chaka cha dzombe kapena cha chilala.

Kumudzi zimenezi si mlandu, chifukwa amfumu amamudziwa ndipo ankhoswe amamudziwa. Koma kompyuta ya ku Leba sidziwa mfumu. Ikaona kuti dzina la pa pasipoti, la pa fomu ya bwana ndi la ku banki zasiyana chilembo chimodzi, imaima, ndipo siimbira munthu foni kumuuza kuti yaima. Chimodzimodzi ndi nambala ya pasipoti. Pasipoti ikatha munthu n'kutenga yatsopano, nambala imasintha, koma ndalama zake za zaka zam'mbuyo zimakhala zili pa nambala yakale. Pasipoti yakale siyenera kutayidwa kapena kusiyidwa kumudzi kuti ana azisewera nayo, ndipo bwana ayenera kuuzidwa nambala yatsopano kuti akakonze ku Leba. Amene analowa ntchito ndi chitupa chobwereka kwa mnzake adziwiretu kuti zaka zonsezo amathira chimanga m'nkhokwe ya mwini chitupa.

Vuto la mayinali linaonekera poyera mu 2020, pamene South Africa inatseka ntchito kumapeto kwa March kaamba ka mliri wa Covid-19. Thumba la UIF linayamba kulipira antchito okhala pakhomo, koma alendo ambiri anadikira nthawi yaitali kuposa eni dziko chifukwa makina ake anazolowera nambala ya chitupa cha konko, ndipo nambala za mapasipoti zinkafuna kutsimikizidwa kaye ndi maofesi ena a boma.

Malo achitatu ndi ku banki. Pali fomu ina, UI-2.8, imene banki imadinda kutsimikiza kuti akaunti ndi ya wopemphayo. Akaunti ya msuweni kapena ya mnansi wa ku tchalitchi siloledwa, ngakhale munthu ankalandirira malipiro momwemo. Akaunti imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imatha kuitseka, ndipo nambala ya foni ya ku Joni nayo imafa ikakhala miyezi ili m'chikwama kumudzi. Ndalama zikhoza kuvomerezedwa ndithu, koma n'kusowa polowera.

Malo achinayi, amene agwetsa ambiri, ndi kufulumira kukwera basi. Wopempha ndalama za ulova amayenera kulembetsa ku Leba ngati munthu wofuna ntchito, ndipo mwezi ndi mwezi amatsimikiza kuti sanaipezebe. Akadumpha, malipiro amaima. Leba imeneyi ili ku Joni. Ku Milange kulibe, ku Mocuba kulibe, ku Quelimane kulibe, ndipo ofesi ya boma kuno ilibe mphamvu pa thumba la dziko la eni. Kuti munthu abwerere kukakonza chilembo chimodzi ayenera kudutsa Limbe, Mwanza, Zóbuè, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ulendo umene ungathe kudya ndalama zoposa zimene akuzitsatirazo.

Izi sizikutanthauza kuti munthu akhale m'dziko la eni chilolezo chake chitatha. Malamulo a 2014 amaletsa wopyola masiku kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Chofunika n'chakuti ntchito ikatha lero, sabata yomweyo munthu akhale atafika ku Leba ndi pasipoti, chilolezo, UI-19, fomu ya ku banki ndi timapepala ta malipiro, masiku ake akadalipo. Asananyamuke afunsenso ku ofesi komweko m'mene angamatsimikizire pempho lake ali kutali, poti zina zimatheka pa intaneti kudzera pa uFiling, ndipo akaunti ndi nambala ya foni azisiye zamoyo.

Zikachedwa, kukhala chete sikuthandiza. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Munthu abwerere ku ofesi, afunse mwaulemu kuti pepala lasowa ndi liti, alembe tsiku limene wapitako ndi nambala ya pempho lake, ndipo pepala lililonse asanalipereke alijambulitse. Akakanidwa apemphe kuti amulembere chifukwa chake, poti lamulo limamupatsa masiku 90 ochita apilo. Zonsezi ndi zaulere. Anyamata oima pa geti amene amati apatsidwe kangachepe kuti afulumizitse zinthu sagwira ntchito m'katimo, ndipo wowapatsa pasipoti ndi nambala yachinsinsi ya ku banki waika nkhuku m'manja mwa nkhandwe. Mabungwe monga Black Sash, Legal Aid South Africa ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town amalangiza anthu popanda malipiro, ndipo maiko a Mozambique ndi Malawi onse ali ndi maofesi oimira anthu awo ku Johannesburg.

Kwa amene analowa mozemba opanda chilolezo, chilungamo n'chakuti njira ya UIF ndi yovuta kwambiri, chifukwa ambiri mwa iwo sanalembetsedwe n'komwe. Komabe khothi la za ntchito linagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu ndipo CCMA ingathe kumva dandaulo lake. Bwana asamuopseze kuti alibe poyambira.

Amayi amasiye nawo amve. Mwamuna amene ankadulidwa UIF akamwalira, mkazi ndi ana ali ndi gawo lawo, ndipo nthawi yopempha ndi miyezi 18. Kumafunika kalata ya imfa, umboni wa ukwati ndi makalata a kubadwa kwa ana. Maukwati ambiri a kuno ndi a kwa ankhoswe, opanda pepala. Ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Registo Civil bambo akadali moyo ungathe kudzapulumutsa ana mawa.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri za malire nkhani yotereyi siyachilendo kwa iwo. Ku Malawi amuna a Theba, amene ulendo wawo wa kumigodi unatsekedwa mu 1988, akalamba akulembetsa mayina ndi kudikira ndalama zimene anasiya ku Joni, ena mpaka kutsikira kulichete. Ku Maputo a Madjermane, amene anapita kukagwira ntchito ku East Germany potsatira pangano la 1979 nabwezedwa mu 1990, aguba m'misewu masiku a Lachitatu kwa zaka zoposa 30 akufunsa gawo la malipiro awo limene linkadulidwa ndi lonjezo loti adzalipeza kwawo. Ndalama zawo ndi zosiyana ndi za UIF, koma onsewa anafika kumudzi ndi lonjezo m'malo mwa ndalama, ndipo mtunda utatalika mawu awo anachepa mphamvu.

Tsono abale a kumudzi nawo ali ndi mbali yawo. Mwana akaimba foni kuti ntchito yatha, mawu oyamba asakhale oti abwere msanga kudzalima. Amufunse kaye ngati UI-19 ali nayo m'manja, ngati waiwerenga, ngati dzina likufanana pa mapepala onse, ndiponso ngati wafika ku Leba. Munda ungathe kudikira sabata ziwiri kapena zitatu. Ndipo akafika, mapepala aja akulungidwe m'pulasitiki ndi kuikidwa pamwamba pamene amaika mbewu ya chaka chamawa, kutali ndi chiswe, mvula ndi ana.