Khasu lokha silichotsa nkhawa

Pali mawu amene akuzungulira pa WhatsApp ndi m'maminibasi, akuti Mmalawi safunika masewera olimbitsa thupi chifukwa khasu ndiye jimu yake. Onenawo amati zothamanga m'mamawa n'za mabwana a ku Area 10 amene mimba zawakulira, ndipo zoti kuyenda kapena kusewera mpira kumapeputsa mtima n'zachizungu. Ife tikukana, ngakhale m'mawuwo muli kachoona.

Kachoonako ndi aka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo limawerengera ntchito zakumunda ndi zapakhomo zomwe. Wakabaza amakwanitsa zimenezi Lachiwiri lisanathe. Mayi wotunga madzi, kusinja ndi kupalira sangaphunzitsidwe za thukuta ndi munthu wa mu ofesi.

Koma nkhani yathu ndi ya maganizo. Taonani bambo amene akupalira mu Januwale, m'mimba muli phala lokha. Khasu lililonse limene akuponya likumukumbutsa kuti fetereza wachiwiri sanagule, fizi ya mwana sanamalize, ndipo a banki m'khonde akumudikira Lachisanu. Mundawo ndiwo gwero la nkhawa zake, ndiye angaziiwalire bwanji momwemo? Sangaleke pamene wafuna, sanasankhe yekha, ndipo nthawi zambiri ali yekhayekha. Mpira wa madzulo pabwalo la sukulu ndi wosiyana pa zonsezi. Munthu amapitako mwakufuna kwake, amaseka, amakangana ndi anzake za chigoli, ndipo kwa ola lathunthu mutu umaleka kubwereza ngongole ija. Usiku tulo timabwera msanga, ndipo aliyense amene anavutikapo maganizo akudziwa kuti tulo tikasowa zonse zimaipiraipira.

Ofufuza anaziona izi. Ku Norway anatsata anthu 33,908 kwa zaka 11, ndipo mu 2017 anafalitsa zoti pa anthu 100 alionse amene anadwala matenda ovutika maganizo, 12 akanatha kuwapewa akanamachita masewera ola limodzi lokha pa sabata. Mu 2018 magazini ya The Lancet Psychiatry inatulutsa kafukufuku wa anthu 1.2 miliyoni a ku America, ndipo amene ankasewera m'matimu ndiwo anali ndi masiku ochepa kwambiri osweka mtima. Wina angatsutse kuti mwina osangalala kale ndiwo amapita kukasewera. Ndi funso labwino. N'chifukwa chake tikutchulanso za mu 2024, pamene magazini ya BMJ inasonkhanitsa mayeso 218 a anthu odwala kale, oposa 14,000, amene ena anauzidwa kuchita masewera ndipo ena ayi. Kuyenda ndawala, kuthamanga, yoga ndi kunyamula zolemera zinachepetsa matendawo, ndipo kuvina nako kunaoneka kothandiza kwambiri.

Pa kuvinapo ndi pamene mawu oti n'zachizungu akugwera. Makolo athu ankalima kuposa ife, alibe thalakitala, alibe chigayo. Komabe akakolola ankasonkhana kuvina mganda, malipenga, chimtali ndi chioda mpaka fumbi koboo. Khasu likanakhala lokwanira, akanadzivutitsiranji? Kumpoto, Atumbuka ali ndi vimbuza, gule wochiritsa anthu osautsika mumtima, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Sitikunena kuti ng'oma ndi chipatala. Tikungoti nzeru yoti thupi likagwedezeka pakati pa anthu mtima umapepuka sinabwere pa ndege.

Ndipo tisaiwale kuti Amalawi ambiri lero alibe ngakhale khasulo. Achinyamata osowa ntchito ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi amakhala tsiku lonse pakhonde la golosale, maso pa foni kapena pa kubetcha. Mukawauza kuti masewera n'za mabwana, mwawatsekera chinthu chimodzi chaulere chimene chikanawathandiza. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, omwe aja amauzidwa kuti mwamuna salira. Bambo amene sangapite kwa mlangizi akhoza kupita ku mpira wa madoda Lamlungu, ndipo pobwerera n'kuuzako mnzake zimene zikumudya.

Koma ena alumpha kale malire, akumauza odwala kuti ataye mankhwala azingothamanga. Zimenezinso tikukana. Munthu amene watha masabata awiri osasangalala ndi chilichonse, osadya, osagona, kapena amene akuganiza zodzipha, afunika kuonana ndi achipatala lero lomwe. Ayambire pachipatala chapafupi, ndipo thandizo lapadera lilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Masewera aziyendera limodzi ndi thandizolo. Wodwala wotere nthawi zambiri alibe mphamvu yodzuka yekha, choncho m'bale asamulalatire kuti ndi waulesi. Amugwire dzanja, ayende naye mphindi 10 mpaka kumsika, mawa abwerenso.