Keko anakambira ku Canada, nanga wa ku Natuseko akakambire kuti?

Amene munkaonera Channel O cha mu 2011 mukumukumbukira Keko, mtsikana wa ku Uganda amene ankarapa mpaka anyamata kusowa poika nkhope. Chaka chimenecho vidiyo ya nyimbo yake "How We Do It", imene anaimba ndi Radio ndi Weasel, inawina mphoto ya Channel O, ndipo mu 2012 a Sony Music anamusaina. Koma zakuti amakonda akazi anzake sanazikambe ali ku Kampala. Anazikamba poyera mu 2017, ali ku Canada.

Staceyann Chin, wolakatula ndakatulo wa ku Jamaica, njira yake ndi yomweyo. Kwawo anavutitsidwa chifukwa cha nkhani imeneyi, anapita ku New York, ndipo pofika 2002 anali pa siteji ya Broadway mu Def Poetry Jam. Young M.A yekha ndiye sanafunike kuthawa. Anabadwira ku Brooklyn, sanabise kuti ndi ndani, ndipo "OOOUUU" ya mu 2016 inafika pa nambala 19 pa Billboard Hot 100. Nyimbo imeneyo ambiri a ife tinaivina, ngakhale aja amene pa Facebook amatukwana kwambiri.

Manje tibwere kwathu. Tinene kuti mu Natuseko muli mtsikana wodziwa kulemba mavesi, wokhoza kugwetsa anyamata a ku Bwacha ndi ku Makululu pa mpikisano wa pakona, ndipo moyo wake uli ngati wa Keko. Iye akudziwa bwino zimene zinachitika mu tauni muno. Mu November 2019, khoti lalikulu la Kabwe linapatsa amuna awiri a ku Kapiri Mposhi zaka 15 m'ndende. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho, anakangana ndi boma mpaka anabwerera kwawo. Amunawo anatuluka mu May 2020 Pulezidenti Edgar Lungu atawakhululukira. Mu 2019 momwemo, nduna Godfridah Sumaili inati Somizi wa ku South Africa asabwere ku Lusaka July. Ndipo akazi asaganize kuti lamulo linawaiwala: gawo 158 la Penal Code limapereka zaka 7 mpaka 14.

Lamulo limeneli limalanga zochita. Kulankhula si mlandu, ndipo makhoti athu anaonetsa zimenezi. Paul Kasonkomona anagwidwa ndi akapokola mu April 2013 atangotuluka mu situdiyo ya Muvi TV, kumene anakamba za ufulu wa anthu otere, koma mu 2014 khoti linamupeza wopanda mlandu. Vuto ndi lakuti miyezi yonseyo anali kuyendera kukhoti. Mtsikana wa zaka 19 amene amagona m'nyumba ya amalume ake, amene ndalama ya situdiyo amaipeza pogulitsa salaula, alibe loya. Kwa iye vidiyo imodzi yofala pa WhatsApp ikwanira kuti zovala zake azipeze panja.

Ndikudziwa yankho la ambiri: Zambia ndi dziko la Chikhristu, a Chiluba analengeza mu 1991. Sindikupempha munthu kusiya tchalitchi chake. Ndikukamba ndi ife okonda rap, amene timadzitama kuti nyimbo zathu ndi zokamba zoona, zopanda mantha. Mnyamata akaimba za mowa, za atsikana asanu usiku umodzi, za kumenya adani, palibe DJ amene amatsegula Baibulo asanaike nyimboyo. Timati ndi luso chabe. Chikhristu chathu chimadzuka mtsikana akavala kapu ndi buluku lalikulu. Ngati tikufuna kuyeza oimba ndi sikelo ya kutchalitchi, tiyeze onse, tione ngati pa wailesi padzatsala nyimbo.

Mphekesera zimenezi zimapweteka ngakhale atsikana amene nkhaniyi siikuwakhudza. Mtsikana akangorapa mwamphamvu, mafunso ayamba: ali ndi mwamuna? Bwanji amayenda ndi anyamata? Bwanji mawu ake ndi okhuthala? Kumayambiriro kwa Slapdee kapena Chef 187 tinkakangana za mavesi awo. Mtsikana timayamba ndi kuchipinda kwake, ndipo makolo akamva amamuletsa kupita ku situdiyo. Kenako ife tomwe tidandaula kuti akazi orapa ndi ochepa.

Tisanamizane kuti kusintha lamulo kumathetsa zonse. South Africa inaletsa tsankho limeneli mu malamulo ake aakulu a 1996, ndipo Dope Saint Jude wa ku Cape Town amarapa za moyo wake momasuka, koma m'dziko lomwelo Eudy Simelane, wosewera mpira wa Banyana Banyana, anaphedwa mwankhanza ku KwaThema mu 2008. Mozambique inachotsa lamulo lotere mu 2015, khoti la Botswana mu 2019. Za Nyumba ya Malamulo zili patali ndi ife. Zimene zili m'manja mwathu ndi zazing'ono: wokonza pulogalamu ya ndakatulo asachotse dzina la mtsikana chifukwa cha zimene wamva mu minibasi, wopanga mabiti asamufunse za chibwenzi asanamupatse maiki, ndipo iwe wa foni usajambule munthu kuti umuulule kwa abale ake.

Pakali pano chimene chimamuteteza mtsikana ameneyu ndi chinenero. Mu Chingerezi, Young M.A anayenera kusankha pakati pa "he" ndi "she", ndipo anasankha poyera. Chinyanja ndi Chibemba sizikakamiza zimenezo. Akaimba kuti amamukonda, kuti wamusowa, kuti iye sabweranso, mawuwo sauza munthu ngati wokondedwayo ndi mwamuna kapena mkazi. N'kutheka kuti nyimbo ina yachikondi imene mwakhala mukuimba pa kitchen party inalembedwera mkazi ndi mkazi mnzake, ndipo anakubala anavina nayo mpaka chitenje kumasuka.