Sayansi ya Kulira kwa Chitoliro Ili M'phesi la Dzungu

Kuno ku Nsadzo ana amathyola phesi la tsamba la dzungu, kuling'amba pang'ono kunsonga, n'kuuzira. Limalira chifukwa mng'aluwo umatseka ndi kutseguka kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kumadula mpweya, ndipo mpweya wa m'phesimo umanjenjemera. Kabango ka pakamwa pa saxophone kamachita zomwezi.

Phesi lalitali limatulutsa besi, lalifupi mawu ang'onoang'ono. Anyungwe oimba nyanga, amene Andrew Tracey analemba za iwo mu 1971, amadula zitoliro zawo potsata lamulo lomweli la kutalika.

Zimandiwawa kuona ana akuloweza phunziroli m'Chipwitikizi, chonsecho manja awo amalidziwa kale. Aphunzitsi, awuzeni abwere ndi mapesi m'kalasi, ayese ndi rula, amve okha kusiyanako.