Ana aone okha sitachi m'tsamba

Mwana wa sekondale ku Mtakataka mukamufunsa kuti tsamba limasanduka mtundu wanji mukalidonthezera ayodini, amayankha mosajejema kuti limada mobiriwira. Koma mukamufunsa ngati anazionapo ndi maso ake, amangozyolika. Zimandiwawa zimenezi, chifukwa phunziroli ndi la mlimi, ndipo ana ameneŵa ndi ana a alimi.

Nkhani yake ndi iyi: tsamba limatenga madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa carbon dioxide, n'kupanga shuga ndi mphamvu ya dzuŵa. Ndiyo photosynthesis ija. Shuga wotsala limasunga ngati sitachi, yemweyo amene timadya mu nsima, mu mpunga wa kusikimu ya Bwanje, ndi m'chinangwa. Julius von Sachs wa ku Germany anaonetsa zimenezi ndi ayodini m'zaka za m'ma 1860. Ife mpaka lero tikungolembera ana pabolodi kuti aloŵeze pamtima, podikira mayeso a MANEB.

Aphunzitsi amati sukulu ilibe labotale, ndipo sakunama. Komabe ntchito iyi imafuna mbaula, mpoto, kabotolo, spiriti ndi ayodini wa ku famase basi. Yambani ndi kudontheza ayodini pa ufa woyera, ana aone mmene ukudera. Kenako tengani nyemba kapena mbatata yodzala m'chitini, muiike mumdima masiku aŵiri kuti sitachi wakale athe. Phimbani theka la tsamba limodzi mbali zonse ndi pepala lakuda, muitulutse padzuŵa kuyambira m'maŵa mpaka masana. Dzuŵa la kuno kuchigwa silichita kupempha.

Thyolani tsambalo, muliviike m'madzi oŵira kwa mphindi imodzi. Liikeni m'kabotolo ka spiriti, kabotoloko mukaimike m'madzi otentha mutaphula kale mpoto. Apa chonde samalani: spiriti sachedwa kuyaka, asayandikire makala. Msipu wonse usukuluka, tsamba liyera n'kuuma gwa. Lifeŵetseni m'madzi ofunda, liyaleni pambale, ndipo donthezani ayodini. Mbali imene inaona dzuŵa ida bii, yophimbidwa ija ingotsala yachikasu. Tsamba la anyezi musaliyese, silisunga sitachi ndipo lingakuchititseni manyazi pamaso pa ana.

Ku Golomoti kuli magalasi a sola a kampani ya JCM, opanga magetsi okwana mamegawati 20 kuyambira mu 2022. Palibe angalole kuti udzu umere n'kuphimba magalasi amenewo. Tsamba la chimanga ndi galasi lomwelo, loyalidwa m'munda mwathu. Mwana amene waona mbali yophimbidwa ikukana kuda safunikanso kumuuza chifukwa chimene chimanga cha pansi pa mtengo wa mango chimakhalira chonyozoloka, kapena chifukwa chimene kuchedwa kupalira kumabweretsa njala. Akaona amayi ake akuthyola chigwada tsiku ndi tsiku pamitengo yomweyo, adzadziŵa kuti ndiwo zalerozo zikuchepetsa chinangwa cha m'nthaka, ndipo adzawauza mwaulemu kuti azisiyako masamba. Mbozi zikadya masamba a chimanga, adzamvetsa kuti zikudya ufa wa chaka chamaŵa.

Ena amati zoyesayesa zimadya nthaŵi, silabasi ndi yaitali. Ine ndikuti maola aŵiri a Lachisanu masana sangagwetse silabasi. Chimene mwana wagwira ndi manja ake sachiiŵala m'chipinda cha mayeso, pomwe choloŵeza chimathaŵa pepala likangofika.

Inu a komiti ya makolo ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, pamsonkhano ukubwerawu patulani kandalama kogulira botolo la ayodini ndi la spiriti. Aphunzitsi a Biology, dzalani nyemba m'zitini sabata ino, kuti teremu isanathe mwana aliyense adontheze yekha ayodini patsamba.