Akabaza, nyimbo zilire koma makutu asatsekedwe

Pali funso limene anyamata oyendetsa njinga zamoto amafunsana akakhala pa siteji kudikira makasitomala, ndipo amalifunsanso akalowa m'mashopu a zamagetsi ku Limbe kapena mu Malangalanga ku Lilongwe: ndigule chiyani choti ndizimvera nyimbo ndili pa njinga? Wina amati foni ya itel yokhala ndi memori khadi yakwana. Wina amatama timahediseti topanda chingwe tija ta Bluetooth. Wogulitsa naye amangokamba za batire lokhalitsa ndi kugunda kwa bezi, chifukwa iye akufuna katundu atuluke. Yankho langa ndi ili: chilichonse cholowa m'khutu n'kulitseka si cha pa njinga yamoto, kaya n'chotchipa kaya n'chodula motani. Ndipo ngati kumbuyo kwa njingayo kwakhala munthu wolipira, kuvala mahediseti ndi kumuika munthuyo pangozi imene sanavomere.

Sindikulimbana ndi nyimbo. Wakabaza amadzuka kusanache, tsiku lonse ali padzuwa ndi pafumbi, mutu uli pa ndalama imene mwini njinga akuidikira madzulo. Mafuta akasowa amagona pamzere. Munthu wotere akafuna kumva Lucius Banda, Black Missionaries kapena sungura ya Alick Macheso kuti mtima ukhale pansi, ndani angamuletse? Bullets ndi Wanderers zikamaswana pa Kamuzu Stadium iye ali pa ntchito ku Chirimba, n'zomveka kuti afune kumva ndemanga za mpira pa wailesi. Zonsezi n'zotheka makutu ali otsegula. Chimene ndikukana ndi chipangizo chimene chimamulanda woyendetsa chiwalo chimene akuchidalira kuti afike kunyumba wamoyo.

Maso amaona kutsogolo kokha. Khutu limamva mbali zonse, ndipo silifuna kuti munthu atembenuke. Pa msewu wa Masauko Chipembere kapena pa M1 podutsa ku Biwi ndi ku Kanengo, zina mwa zimene zimapha wa njinga zimachokera kumbuyo kapena m'mbali: minibasi imene yangotuluka pa siteji osayang'ana, thiraki imene mabuleki ake sakugwira msanga, ambulansi yothamangira ku Kamuzu Central. Zonsezi zimayamba kumveka zisanaoneke. Onjezani apo kuti njinga zambiri za kabaza zilibe magalasi oonera kumbuyo, ena anasweka, ena anachita kuwamasula dala kuti azilowa bwino pakati pa magalimoto. Wopanda galasi amene watsekanso makutu sakudziwa kalikonse za kumbuyo kwake.

Masamu ake ndi osavuta. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Woyendetsa akachedwa kumva hutala ndi masekondi awiri okha, wayenda kale mamita oposa 30 asanachite kanthu. Pa mphambano ya ku Area 18 kapena pa Ginnery Corner, mtunda umenewo ndi wokwanira kumulowetsa kunsi kwa galimoto.

Palinso mawu ena ang'onoang'ono amene wakabaza wabwino amawamvetsera. Injini ikayamba kulira mwachilendo, tcheni chikakhwepa, katundu womangidwa kumbuyo akayamba kugwedera, khutu ndi limene limayamba kudziwa. Koposa zonse pali mawu a wokwera. Mayi amene chitenje chake chayamba kukodwa m'masipoko ali ndi kamphindi kochepa kwambiri koti akuwe. Ngati kukuwa kwake kukupikisana ndi nyimbo ya Eli Njuchi imene ikulira mkati mwenimweni mwa khutu la woyendetsa, mayiyo agwa.

Ena amati, nanga oyendetsa galimoto bwanji amatsegula wailesi palibe owanena? Kusiyana kwake kulipo kuwiri. Sipika ya m'galimoto siitseka khutu, ndipo dalaivala wa galimoto wazunguliridwa ndi chitsulo, wamanga lamba. Akachedwa kumva hutala nthawi zambiri chimaphwanyika ndi bampala. Wa njinga chimaphwanyika ndi bondo lake ndi mutu wa munthu amene wamunyamula. Aliyense amene anakazondako wodwala m'mawodi a mafupa ku Queens kapena ku chipatala cha LION ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2023, anaona kuchuluka kwa achinyamata ogona ndi zitsulo m'miyendo chifukwa cha njinga zamoto. Sindikunena kuti mahediseti ndiwo athyola miyendo yonseyo. Liwiro, mowa, kunyamula anthu atatu pa mpando wa munthu mmodzi ndi kuyendetsa osaphunzira n'zimene zili patsogolo. Koma kupeza laisensi kumafuna ndalama, chipewa chabwino chimafuna ndalama, pamene kuchotsa chingwe m'khutu sikufuna ngakhale tambala. Pa mavuto onse a kabaza, ili ndi limene lingathe lero lomwe.

Ngozi yachiwiri siituluka m'nyuzipepala chifukwa ilibe magazi. Pa njinga yothamanga, phokoso lalikulu si la injini koma la mphepo yowomba m'mbali mwa chipewa. Kafukufuku amene anachitika ku Britain m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti phokosoli limafika madesibo pafupifupi 90 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, n'kumakwera liwiro likamakwera. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati munthu asapitirire maola 8 patsiku m'phokoso la madesibo 85, ndipo madesibo atatu alionse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa 91 ndi maola awiri, pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Tsono taganizirani. Kuti nyimbo imveke, iyenera kuposa phokoso la mphepo. Woyendetsa amakweza voliyumu mpaka pamapeto osadziwa kuti wakweza, chifukwa kwa iye ikumveka pang'ono chabe. Ulendo umodzi wochoka ku Lumbadzi kufika mu tauni ungathe kumaliza muyeso wa tsiku lonse, ndipo iye achita maulendo otere kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Mkati mwa khutu muli timaselo tosalimba timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otiukitsa. Chizindikiro choyamba ndi kulira kwa m'makutu usiku munthu akagona, kenako kulephera kumva bwino mnzako akamalankhula pagulu. Bungwe la WHO lakhala likuchenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe koipa ka nyimbo. Mnyamata wa zaka 22 amene wayamba kabaza chaka chino angadzafike zaka 35 akuvutika kumva mwana wake. Malo opimako makutu m'dziko muno ndi owerengeka, monga ku Queens ku Blantyre ndi ku chipatala cha ABC ku Lilongwe, ndipo makina othandiza kumva sabweza khutu mwakale.

Wina anena kuti oyenda maulendo ataliatali pa njinga zikuluzikulu ku Ulaya amavala timapulagi m'makutu, ndiye kusiyana n'kotani? Timapulagi timachepetsa phokoso, sitiwonjezera lina. Mphepo imatsika, hutala ndi sayirini zimamvekabe pamwamba pake. Mahediseti amachita zosiyana: amatchinga mawu akunja kenako n'kuthira mawu ena pamwamba. Oipitsitsa ndi aja amakono otsatsidwa kuti amazimitsa phokoso lakunja. Amenewo anapangidwira munthu wokhala m'ndege kapena mu ofesi. Kuvala kukhutu kumodzi n'kwabwinoko, koma musadzinamize kuti vuto latha. Ubongo umadziwa kumene mawu akuchokera poyerekeza zimene makutu awiri amva. Limodzi likatsekedwa, hutala mumva koma simudziwa msanga ngati ili kumanja kapena kumanzere, ndipo mutha kukhotera komwe kuli ngoziko.

Nanga agule chiyani? Apa mbiri ya zipangizozi ili ndi phunziro. Sony itatulutsa Walkman mu 1979, ndiponso Apple itatulutsa iPod mu 2001, zonse zinali ndi ziwalo zozungulira mkati, tepi kapena kadisiki, zimene sizikondwa ndi kugwedezeka. Kenako kunabwera tizipangizo ting'onoting'ono topanda chozungulira, monga iPod shuffle mu 2005 ndi Sansa Clip ya SanDisk mu 2007. Timeneti tinali ndi mabatani enieni amene chala chimawapeza munthu osayang'ana. Foni itameza zonse, Apple inasiya kupanga iPod mu 2022. Kwa woyenda pansi palibe chimene anataya. Kwa wa njinga, foni ndi chipangizo choipa kuposa zonse zimene inalowa m'malo. Galasi lake losisita limafuna maso. Pakati pa nyimbo pamalowa uthenga wa WhatsApp, kasitomala amaimba, dzanja limachoka pa handulo. Apple yeniyeniyo inachenjeza mu 2021 kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kungawononge kamera ya iPhone yomangiriridwa pa njinga. Ndipo foni yoonekera pa handulo madzulo ku Ndirande kapena ku Mchesi imaitana akuba.

Chimene ndingamulangize mng'ono wanga ndi kawailesi kapena kasipika kakang'ono kolowetsa memori khadi, kokhala ndi mabatani ogwirika ngakhale utavala magolovesi, komangirira bwino pa handulo. Nyimbo akabenetseretu, azisankhe asanalize injini, ndipo ulendo ukayamba asakhudzenso kanthu mpaka ataima. Foni ikhale m'thumba. Muyeso wa voliyumu ndi wokwera: ngati munthu wa kumbuyo akuyenera kukuwa kuti mumumve, mwakweza kwambiri. Pa msewu waukulu, mphepo ikayamba kumiza nyimbo, imeneyo ndi nthawi yozimitsa osati yokweza. Kuli zipangizo za makampani ngati Sena ndi Cardo, zokhala ndi timasipika topyapyala tomata mkati mwa chipewa, pafupi ndi khutu koma osalowa mkati. Ndi zabwinoko kuposa mahediseti, komabe mtengo wake ndi wa maulendo ambirimbiri a kabaza, ndipo zimafuna chipewa chenicheni. Wakabaza amene ali ndi ndalama imeneyo ayambe wagula zipewa ziwiri zolimba, chake ndi cha wokwera, zokhala ndi lamba womanga kukhosi.

Nayo sipika ili ndi malire ake. Pali njinga zina zimene zimadutsa m'makwalala a Kawale ngati malo a dansi, anthu n'kumadzuka usiku. Kwathu kuno munthu akaona masamba ataikidwa pa msewu amadziwa kuti pali maliro, amachepetsa liwiro, ndipo nyimbo ayenera kuzimitsa. Chimodzimodzi pafupi ndi chipatala kapena sukulu. Wokwera nayenso ali ndi mawu ake. Mwina akupita kukaona wodwala, mwina akuchokera kumanda. Kumufunsa kuti, “Mayi, nyimbozi zikusokonezani?” sikuchedwetsa ulendo.

Mayiko ena anasiya kale kuitenga nkhaniyi ngati ya munthu payekha. Ku France, kuyambira pa 1 July 2015, aliyense woyendetsa galimoto, njinga yamoto ngakhale njinga yakapalasa saloledwa kuvala mahediseti kapena kanthu kolira kolowa m'khutu, koma timasipika ta m'chipewa cha njinga yamoto ndi tololedwa. Ku California lamulo limaletsa woyendetsa kutseka makutu onse awiri ndi mahediseti. Malamulo amenewa sanaletse nyimbo, anangoteteza khutu. Kuno njinga za Lifo, King Lion ndi Boxer zadzaza m'matauni ndi m'midzi momwe, ndipo zikunyamula ana asukulu, amayi oyembekezera ndi okalamba. Nthambi ya boma yoona za pamsewu iike nkhani ya makutu m'maphunziro a oyendetsa njinga zamoto, ndipo apolisi apamsewu akamaimitsa wakabaza kufunsa chipewa ndi mapepala, ayang'anenso chimene chili m'khutu mwake.

Komabe apolisi sangaime pa mphambano iliyonse. Amene ali ndi mphamvu zenizeni ndi apampando a masiteji ndi mabungwe a akabaza monga MACOKASA. Siteji iliyonse ili ndi malamulo ake: ndani ali pamzere, chopereka cha tsiku ndi zingati, wophwanya alipira chiyani. Akabaza amawamvera malamulowa kuposa a boma, chifukwa wowaphwanya sanyamula tsiku limenelo. Kuwonjezera lamulo lakuti palibe wonyamuka pa siteji ndi kasitomala mahediseti ali m'khutu ndi nkhani ya msonkhano umodzi.

Ife okwera ndi amene timakhumudwitsa kwambiri. Timaona chingwe chikulendewera m'khosi mwa woyendetsa, timakambirana naye mtengo mpaka atachotsa K200, kenako timakwera phee, kuopa kuoneka ovuta. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati tili ndi pakamwa pokanganira mtengo, tilinso ndi pakamwa ponena kuti, “Achimwene, tachotsani kaye za m'khutuzo tizipita.” Ambiri amachotsa osanyinyirika, chifukwa palibe anawauzapo. Amene wakana musiyeni pomwepo mukwere ina, pa siteji pali njinga zambiri zikudikira.