PAKHOMO PATHU: Musanagule Kagalu Kaubweya

Mwezi uno tikambirane za tiagalu taubweya woyera timene tayamba kuoneka m'makomo ena kuno ku Guilleme ndi pa boma la Mchinji. Ena amabwera nato kuchokera ku Lilongwe, ena ku Chipata. Ana akationa amaumiriza makolo kuti nawonso awagulire. Tsono musanamasule chikwama, khalani pansi monga banja ndi kulingalira bwino, pakuti walira mvula walira matope.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi wotchedwa Maltese. Ambiri amati dzinali linachokera ku chisumbu cha Malta, chija buku la Machitidwe limachitcha Melita, kumene mtumwi Paulo anapulumukira ngalawa itasweka. Kagaluka ngakhale katakula sikapitirira makilogalamu 4, ndipo kakasamalidwa bwino kamakhala ndi moyo zaka 12 kufikira 15. Ndiye kuti mwana amene akulirira kagalu ali mu Sitandade 5 adzamaliza Folomu 4, mwinanso kulowa m'banja, iko kakali moyo. Nanga adzakasamala ndani iye akapita ku sekondale yogonera komweko? Funso limeneli liyankhidwe ndalama isanatuluke.

Galu wathu wakumudzi anazolowera dzuwa ndi fumbi, koma Maltese sali choncho. Ubweya wake umangokula ngati tsitsi la munthu, kotero ufunika kupesa tsiku ndi tsiku ndi kumeta nthawi ndi nthawi. Ukalekereredwa umapotana, nubisa nkhupakupa, utitiri ndi mphutsi zija zolowa pakhungu m'nyengo ya dzinja. Musakalowetse m'dibi la ng'ombe, chifukwa mankhwala ake angathe kukapha. Yambani mwafunsa alangizi a ziweto. Mkute wokha sukwanira pa chakudya chake: muonjezepo usipa, dzira kapena kanyama. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka nalasa m'mimba, ndipo anyezi ndi chokoleti zimadwalitsa galu. Usiku kazigona m'nyumba, pakuti sikangalimbane ndi agalu akuluakulu kapena fisi. Amene afuna mlonda wa nkhokwe ndi khola afune galu wina.

Chenjeraninso pogula. Wogulitsa wa m'mbali mwa msewu angathe kutcha kagalu kalikonse kaubweya dzina lachizungu kuti mtengo ukwere. Pemphani kuona make ndi khadi la katemera, ndipo musatenge mwana wagalu amene sanakwanitse masabata 8 ali kwa make, chifukwa wotereyu sachedwa kudwala.

Koma nkhani yaikulu koposa ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Ena amaganiza kuti kagalu kaukhondo, kogona pampando, sikangatenge chiwewe. Kumeneko ndi kudzinyenga. Kakangolumidwa kamodzi ndi galu woyendayenda, kangathe kubweretsa matendawo pamphasa pomwe ana amasewera. Ife a m'malire tidziwenso kuti galu wachiwewe safunsa chilolezo pa chipata cha Mwami. Chifukwa chake kagalu kabayidwe katemera kakakwana miyezi 3, ndipo kazibayidwanso chaka ndi chaka. Wogula galu ku Zambia atenge zikalata zoyenera kwa a zaziweto, osamzembetsa m'tinjira.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu aliyense, tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati adwale, pakuti zizindikiro zikaoneka mankhwala sathandizanso. Katemera woteteza munthu wolumidwa anayamba ndi Louis Pasteur wa ku France mu 1885, ndipo pa 28 September, tsiku limene iye anamwalira, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

Pa Miyambo 12:10 tiphunzira kuti chilungamo cha munthu chimaonekeranso m'mene asungira choweta chake. Mau amenewa sasankha mtundu wa galu. N'chamanyazi kusambitsa kagalu kogula ndi ndalama zambiri pamene galu wakale wapakhomo akuwerengeka nthiti ndi kugendedwa akayandikira mbale. Inu achinyamata, ngati mufunadi kagalu kaubweya, yambani mwaonetsa makolo anu kuti mungathe kudyetsa, kumwetsa ndi kubayitsa galu amene alipo kale. Inu makolo, ngati ndalama ya katemera ndi chakudya ipikisana ndi fizi ya ana, nenani poyera kuti nthawi yake sinakwane. Werengani vesi limeneli pa mapemphero a madzulo, ndipo mukambirane ndi ana anu musanapange chosankha.