Zimene makina analoweza pamtima

Mu November 2023 akatswiri a Google DeepMind ndi anzao a m'mayunivesite angapo anaulula zimene anapeza pa cinthu cooneka ngati masewera a ana. Anauza ChatGPT kuti ibwereze liu limodzi la Cingerezi, "poem", mosalekeza. Inabwereza kwa kanthawi, kenaka inasokonezeka ndi kuyamba kulavula zolemba zimene inaphunzitsidwa nazo, liu ndi liu. Munali maina a anthu enieni, manambala a foni ndi ma imelo. Ndi madola pafupifupi 200 cabe, anatulutsa zidutswa zoposa 10,000.

Makina awa amaphunzira powerenga mulu waukulu wa zolemba ndi kuyesa kulota liu lotsatira. Owapanga amafuna kuti agwire kalankhulidwe ka anthu, koma cimene cabwerezedwa kambiri amaciloweza, monga mwana wa Sande sukulu aloweza vesi asanadziwe tanthauzo lake. Gulu la Nicholas Carlini linaonetsa zimenezi kale mu 2020 pa GPT-2, ndipo linapeza kuti makina akulu amaloweza koposa ang'ono. Cobvuta n'cakuti zimene alowezazo sizikhala m'faelo imodzi imene munthu angatsegule ndi kufafaniza. Zimasakanikira m'kati monse ngati mcere m'ndiwo.

Nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya ku South Korea. Kampani ya Scatter Lab inatulutsa Lee Luda, pulogramu yoceza nayo, mu December 2020. Inaiphunzitsa ndi mauthenga a pa KakaoTalk amene anthu okondana anali kulemberana. Posapita nthawi anthu anayamba kuona maina ndi ma adiresi m'mayankho ake. Mu January 2021 anaitseka, ndipo mu April boma linalipiritsa kampaniyo ma won 103.3 miliyoni. Amene analemba mauthengawo anali kulankhula ndi wokondedwa wao, osati ndi dziko lonse.

Mu 2023 dziko la Italy linaimitsa ChatGPT pafupifupi mwezi wathunthu pa nkhani ya zinsinsi za anthu, ndipo Samsung inaletsa anchito ake kuigwiritsa nchito atapezeka kuti anaikamo zolemba za kampani. Pamenepo ciopsezo cinali pa zimene munthu alemba yekha m'bokosi lija, pakuti makampani ena amatenga zokambirana za anthu kukaphunzitsira makina atsopano.

Apa ndi pamene nkhani ifikira ife. Mpingo umasunga zinthu zimene ngakhale banki silidziwa: amene ali m'cilango, banja limene lili kwa alangizi, wodwala amene anauza abusa okha matenda ake, kaundula wa cakhumi. Ndipo mlembi wotopa, pofuna kuti maminiti a msonkhano wa akulu aoneke bwino m'Cingerezi, akhoza kuwaika onse mu ChatGPT usiku wa Ciweru. Sindimuweruza. Nchito ndi yambiri, ndipo makinawo amathandizadi.

Koma lamulo lathu la Data Protection Act la 2021 limaika thanzi la munthu ndi cipembedzo cake pakati pa nkhani zofuna cisamaliro capadera, ndipo wosunga nkhanizo ndiye ali ndi udindo. Kunena zoona, mpata wakuti dzina la mkristu wa ku Chipata lituluke mawa pa kompyuta ya mlendo ndi wocepa. Cimene ndiona ine n'cakuti mwini nkhani sanafunsidwe, ndipo ikalowa palibe wa ife angapite kukaitenganso.

Pempho langa kwa alembi ndi atsogoleri a zigwirizano ndi ili: ulaliki, zilengezo ndi makalata oitanira anthu ku misonkhano mungathandizidwe nazo. Musanaike cina ciliconse, cotsani maina, manambala a foni ndi a NRC, ndipo muzime pa settings malo olola kuti zokambirana zanu ziphunzitsire makina. Nkhani za cilango ndi za uphungu zikhale m'buku la mpingo, m'kabati yokhoma.